Malata Akale Ndi a Ndani?

"Bwerezaninso, mwina khutu langali lalowa madzi a mvula," anatero mayi Tsitsani atagwira m'chiuno pakati pa balaza.

Levulo, mmisiri wa mumsewu womwewo, anapinda tepi yake n'kubwereza mtengo uja osachotsapo kanthu.

"Malata ndagula ndekha. Misomali ndagula ndekha. Inu mukungobwera ndi hamala ndi manja. Manja anuwo ndi agolide?"

"Manja ndi anyama ngati anuwo, mayi. Koma denga ndi lalitali, ndipo wogwa ndine."

Pansi ponse panali mabeseni ndi ndowa. Zinali za malonda, zomwe mayiwo ankagulitsa kumsika, koma chiyambire kudontha denga, katundu ankayamba wagwira ntchito kunyumba asanakaone kasitomala. Dzina lakuti Tsitsani analipeza kumsika komweko, chifukwa sanagulepo ngakhale singano osanena mawu amenewo. Ena ankati tsiku lobadwa anauza azamba kuti atsitse.

Pakhomo panaima mwana wawo woyamba, dalaivala wa lole yonyamula zakumwa. Iyeyo ndiye anabwera ndi Levulo, ndipo analonjeza kuwonjezerapo yake pa ndalama ya ntchitoyo.

"Amayi, mtengowu ndi wabwino. Ndazungulira, ndafunsa."

"Wafunsa ndani? Anzake omwa nawo?"

Levulo anatola njinga yake. "Muganize, mayi. Koma mitambo siidikira munthu woganiza."

Atachoka, mayi Tsitsani anazungulira kuseri kwa nyumba monga ankachitira akakwiya. Kumeneko kunali kanyumba ka chipinda chimodzi komwe malemu amuna awo anakamanga mpaka pamwamba pa zenera, n'kumwalira asanakafolere. M'kati mwake munali mutamera mpapaya. Maganizo a mayiwo anali amodzi basi: malata atsopano akwere panyumba yaikulu, akalewo atsike akafolere kanyumbako, alowemo munthu wa lendi. Akatero ndiye kuti mwezi ukatha sazitambasulanso dzanja kwa ana. Kupempha mwana amene unamuchapira matewera kunkawawawa kuposa msana.

Madzulo dzuwa lisanalowe anaimbira mwana wawo wamkazi, mzime, namwino wokwatiwa kutauni ina yakutali. Mayiwo pafoni ankakuwa ngati mawuwo ayenda wapansi.

"Iwe, si paja munasintha denga chaka chatha? Amisiri anakudyerani zingati?"

Namwino anatchula. Mayi Tsitsani anachotsa foni kukhutu, anaiyang'ana, n'kuibwezera.

"Ukunena za nyumba kapena khola la nkhuku?"

"Nyumba yonse, amayi. Ndipo yathu ndi yaikulu kuposa yanuyo."

"Ndi theka lenileni la zomwe akundiuza kuno! Kwanuko simenti amatola pamsewu?"

"Kuno amisiri ndi ambiri, amalimbirana ntchito. Dikirani, bambo a kuno akufuna akupatseni moni."

Mkamwini analowa pafoni ndi ulemu wochuluka. Anafunsa za miyendo, za msika, za mvula. Kenako anati mmisiri wawoyo ndi munthu woopa Mulungu, ndipo atamupempha bwino akhoza kukwera basi n'kubwera pa mtengo womwewo, bola ya basi ndi pogona. Nambala anaitchula pamtima, osaifufuza n'komwe.

Mmawa mwake Dalaivala atadutsa kudzamva yankho, anapeza amayi ake atakhala pakhonde, mpando wina osamuikira.

"Khala pansi pomwepo. Levulo wakulonjeza zingati?"

"Mukuti chiyani, amayi?"

"Usandiyang'ane ngati mbuzi yomva bingu. Kwa mlongo wako denga lalikulu, theka la mtengo. Kuno denga laling'ono, mtengo wathunthu. Theka linalo likulowa m'thumba la ndani? Ine sukulu ndinalekera panjira, koma kuwerenga nkhope ndinamaliza."

Dalaivala anavula kapusi yake n'kuipinda m'manja. "Ndiye ndikuba ndalama yomwe ndikuwonjezerapo ndekha?"

"Wakuba wochenjera amayamba waponya yake mumphika."

"Tauni ya uko ndi ya uko, amayi. Mwafunsa kuti mtengowo uli ndi chiyani m'kati? Mapanga awiri avumbwitsa."

"Miyambi ukaphere azibwana ako. Ine ndaitana wa uko."

Mwanayo anaimirira, anasasa thalauzi. Envulopu yomwe anabwera nayo anaiika pa mpanda wa khonde. "Yanga ndi iyo. Mupatse amene mukumukhulupirira." Anapita osatsanzika, ndipo lole inamveka kulira mokwiya mpaka kukhota kwa msewu.

Wa uko anafika ndi anzake awiri, amuna aakuluakulu onyamula zikwama ndi macheka. Iyeyo anali wamfupi, wa jekete lachikopa, ndipo ankamwetulira ngakhale pofunsa kuchimbudzi. Mayi Tsitsani anamutcha Manoyera tsiku lomwelo.

"Mtengo ndi womwe uja?" anafunsa asanawapatse ndi madzi omwe.

"Womwe uja, mayi. Monga mwa kwathu."

"Tsitsani pang'ono."

"Kwa inu, mayi, tichotsapo ya misomali yotayika." Anatsitsadi, osalimbalimba.

Zimenezi zinawavuta mayiwo. Kumsika, munthu akatsitsa msanga ndiye kuti katunduyo ali ndi bowo penapake. Anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi, koma bowolo sanalione. Anawayalira mphasa pabalaza, n'kubisa shuga wina m'chipinda.

Ntchito inayamba. Ndipo kunena chilungamo, anthuwo ankaidziwa. Chimene chinawadabwitsa mayi Tsitsani ndi mmene ankazulira malata akale. Amisiri a kuno akamaphwasula amangong'amba, lata n'kutsika litapindika ngati chitini chopondedwa ndi galimoto. Awa ayi. Msomali uliwonse ankaunyengerera, lata ankalitsitsa awiri ngati wodwala, n'kulisanja bwinobwino pafupi ndi geti, lina pamwamba pa linzake.

"Mwaona?" mayi Tsitsani anauza mayi woyandikana nawo nyumba, wosoka zovala, yemwe ankasuzumira pampanda. "Anthu a uko ali ndi ulemu ndi katundu wa eni."

"Ulemu wake wachuluka," anatero Wosoka. "Nanga akusanjiranji kugeti, kanyumba kanu kali kuseri?"

"Nsanje idzakupha iwe. Soka zako."

Koma mawuwo anawakhala. Masana anauza Manoyera kuti malatawo azipita nawo kuseri. Iye anamwetulira, anati asamutsa onse pamodzi pomaliza, kuti asagwire ntchito kawiri.

Kudya ndiye ankadya. Tiyi wa m'mawa ankathira shuga mpaka supuni kuima yokha. Buledi ankatha ngati wagwa m'madzi. Mayi Tsitsani anasiya kupita kumsika kuti aziyang'anira, ndipo tsiku lililonse losagulitsa ankalimva m'chifuwa.

Ndiye panabwera nkhani ya chiswe. Manoyera anatsika pamakwerero atanyamula kachidutswa ka thabwa kofumbwa.

"Mayi, matabwa a dengali atha. Tisinthe onse."

"Onse? Amuna anga anagula mitengo yolimba."

"Chiswe sichidziwa malemu, mayi."

Anagula matabwa atsopano akung'ung'udza. Akale aja anatsika, ndipo ambiri ankaoneka abwinobwino, olemera, ofiirira m'kati. Nawonso anakagona kugeti. Tsiku lotsatira Manoyera anagogoda chitseko cha kutsogolo ndi chala, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Denga latsopano, chitseko cha makedzana? Zili ngati suti ndi nsapato zong'ambika. Ndi mafelemu a mawindowa. Tikuzulirani ulere, mayi, osawonjezera kanthu."

Ulere. Mawu amenewo mayi Tsitsani sanawakonde chibadwire. Komabe chitseko chinali chitayamba kukhula pansi, ndiye analola kuti achichotse achipale. Anachipeza chitatsamira pa mulu wa kugeti uja.

Linali tsiku lotentha modetsa nkhawa, mphepo itaima, kum'mawa kukuda. Mbali ya balaza ndi khitchini inali itavala malata atsopano, koma kuchipinda chogona kunali matabwa okhaokha, bedi likuyang'ana kumwamba. Mayi Tsitsani anathamangira kugolosale kukagula shuga wina. Pobwera anapeza kalole kakang'ono kataima chambuyo pageti pawo, anzake a Manoyera akukweza malata.

Shuga anagwa pansi.

"Akuba! Tsitsani! Tsitsani katundu wanga!"

Wosoka anatulukira pampanda, tepi ili m'khosi. Anthu odutsa anaima. Manoyera anatsika padenga osafulumira, akupukuta manja, mano onse panja.

"Mayi, musatichititse manyazi. Tikutenga zathu."

"Zanu? Munabwera nazo pabasi?"

"Tinagwirizana. Ndinati monga mwa kwathu, inu munavomera. Kwathu chotsika padenga ndi cha mmisiri. Malata, matabwa, zitseko, chilichonse chomwe tazula. Timakagulitsa kwa ogula zakale. Nanga mumayesa mtengo uja ungadyetse amuna atatu?"

Mayi Tsitsani anakwera pa mulu wa malata otsala n'kukhalapo, miyendo atatambasula, ngakhale malatawo ankaotcha ngati chiwaya. Anatulutsa foni m'chilundu cha nsalu yawo.

"Iwe mzime! Malata ako akale ali kuti?"

"Akale? Anatenga amisiri, amayi. Ndi bafa lakale lomwe."

"Anatenga? Iwe n'kumaonerera?"

"Ndi mmene zimakhalira kuno. Aliyense amadziwa."

"Aliyense wa kuti? Ine ndine aliyense wa kwanuko? Bwanji sunandiuze?"

"Simunafunse, amayi. Munangofunsa mtengo. Pepani, ndili ndi wodwala."

Foni inaduka. Wosoka anatsokomola kuseri kwa mpanda. "Paja safunsa anadya chiyani, anzanga?"

"Anadya mayi wako. Lowa m'nyumba."

Manoyera anayang'ana kumwamba, kumene mdima uja unali utafika pakati. "Mayi, tisataye nthawi. Mukakaniza malatawa, ife titsitsa zida, tikakwere basi. Chipinda chanu chigone chosavala. Muitane wa kuno adzamalize, ngati alipo mmisiri wovomera kumaliza ntchito ya mnzake."

Ankanena zoona, ndipo mayiwo ankadziwa. Levulo akanabwera, inde, koma akanatchula mtengo wathunthu akuyang'ana kumbali, ndipo msewu wonse ukanamva. Anayang'ana bedi lawo kudzera pawindo, anayang'ana cha kuseri kumene nsonga ya mpapaya inkaonekera pamwamba pa kanyumba. Malatawa akapita, kanyumbako kadikira zaka zina, ndipo iwo azidikira mapeto a mwezi ngati mwana wa sukulu.

Anapukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu.

"Bambo, tandiuzeni. Kwanuko mmisiri amagona kuti?"

"Kunyumba kwake, mayi."

"Amadya kwa ndani?"

Manoyera anazengereza. "Amanyamula zake."

"Shuga wa bwana amamudziwa kukoma kwake?"

"Ayi, koma ife ndife alendo."

"Ehe! Pa malata ndinu a kwanu, pa mbale ndinu alendo. Mwambo wa kwanuwo mwabwera nawo theka, theka lina munaiwala pabasi? Ngati tikuyendera za uko, tiyendere za uko mpaka kumapeto. Mphasa yanga ndi ya lendi. Tiyi ndi wogula. Madzi osamba aja ndimalipira ine, si a mumtsinje. Sopo mwamaliza. Uyu wamtaliyu yekha wadya buledi wokwana ukwati."

Anthu a pamsewu anaseka. Wamtali uja anatsitsa lata lomwe ananyamula n'kuyang'ana pansi.

"Ndipo chitseko changa munati mukuchipala. Mwapala ndi maso? Matabwa aja chiswe chake chili kuti? Kachidutswa kamodzi kaja munkayenda nako m'thumba?"

"Mayi, kachidutswa kaja kanachoka padenga panu pomwepa."

"Kaya. Sindinali pamwambapo."

Kumwetulira kwa Manoyera kunayamba kuchepa. Anayandikira, natsitsa mawu kuti a pamsewu asamve.

"Mayi, tiyeni tikambe ngati anthu. Ndikasiya zonsezi ndibwerera chimanjamanja. Kalole aka ndalipira. Anzangawa ali ndi ana. Ndiye ya akamwini anu ndinapereka kale ndisananyamuke, sangandibwezere."

"Ya ndani?"

"Ya akamwini anu. Amene anatipezera ntchitoyi. Kwathu wokupezera ntchito umamuthokoza, si kuba ayi. Amatipezera ambiri, ndi munthu wothandiza."

Mayi Tsitsani anakumbukira moni wautali uja wa pafoni, ndi nambala yotchulidwa pamtima. Kenako anakumbukira mwana wawo atakhala pansi pakhonde, akupinda kapusi m'manja. Malata ankawaotcha, koma sanasunthe.

"Mkazi wake akudziwa?"

"Zimenezo ndi za m'banja, mayi. Ine ndimakhoma malata."

Kutali kunagunda. Mayiwo anatsika pamuluwo pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"Mvetserani, chifukwa sindibwereza. Chitseko chibwerere pamalo pake pompano. Mawindo musawayang'anenso. Matabwa tigawana. Malata onse atsike m'kalolemo, tisankhe mmodzimmodzi, ine kuyamba. Za tiyi ndi mphasa ndakhululuka. Mukakana, kwerani basi, koma zikwama zanu zili pabalaza panga ndipo pakhomo ndiimapo ine." Anagunda pachifuwa.

"Mayi, inu mukanakhala a kwathu, amisiri tikanasamuka."

"Tsitsani malata, musandichedwetse."

Anasankhadi mmodzimmodzi. Lata lililonse mayi Tsitsani ankaliimika, kulisuzumira cha kumwamba kuti aone pobooka, kuligogoda, kulikanda dzimbiri ndi chikhadabo. Labwino ankakokera kwawo. Manoyera akatola looneka bwino, iwo ankati, "Limenelo ndinaliloza kale ndi maso," mpaka Wosoka anachita kugwira mpanda ndi kuseka. Pomaliza mulu wa mayiwo unali wa malata olimba, wa Manoyera wa madzimbiri. Koma theka ndi theka. Anayeza ndi maso, ndipo anadziwa kuti kanyumba kaja sikakwanira. Kafunika ena ogula.

"Tsopano kwerani. Mvula ikanyowetsa matiresi anga, muwagula."

Amuna atatuwo anakwera, mahamala n'kuyamba kulira mothamanga. Koma mphepo inali itadzuka kale. Mapepala ankauluka mumsewu, azimayi akuanula zovala, ndipo lata lina linatsala pang'ono kumuulutsa wamtali uja. Zinaonekeratu kuti chipinda sichitha mvula isanafike.

Ndi pamene lole ya zakumwa inakhota pakona n'kuima pageti. Dalaivala anatsika osapereka moni kwa aliyense. Anamasula tenti yomwe amafunditsira makireti, anaiponya paphewa, nakwera makwerero.

"Gwirani uko, akulu," anauza Manoyera. "Mangani kuthabwa, osati kulata."

Madontho oyamba anagwa akumanga chingwe chomaliza. Kenako inakhuthuka. Amisiri anathawira pabalaza, ndipo mayi ndi mwana anatsala pakhonde, madzi akutsika m'malata atsopano ngati nsalu. Mayi Tsitsani analowa kuchipinda, anagwira matiresi, anawapeza ouma, nabwerera. Anatulutsa mpando n'kuukankhira kwa mwanayo ndi phazi.

"Khala. Wanyowa ngati nkhuku."

Dalaivala anakhala. Anayang'ana milu iwiri ya malata ndi kalole kodikira pageti.

"Zatsika mtengo za uko?"

"Ndakufunsa?"

Foni inalira m'chilundu. Mayiwo anaitulutsa, anaona kuti ndi Namwino, anaisiya ilire mpaka inatopa.

"Simuyankha?"

"Ndidzamuyankha mwamuna wake ali pafupi. Ndili ndi moni wake."

Dalaivala anawayang'ana, koma sanafunse. Mvula inapitiriza. M'nyumba munamveka supuni ikuzungulira m'kapu, ndipo mayi Tsitsani anakuwa osatembenuka, "Supuni imodzi, inu a uko!"

Kenako anakonza kukhosi, maso ali kumvula.

"Awa akapita, upite kwa Levulo. Umuuze adzaone kanyumba kakuseri. Malata ndi awo, operewera tigula. Zotsala zonse ndi zanga, ngakhale msomali wopindika, umuuziretu. Mtengo ukakambe ndiwe."

"Ine? Wakuba uja?"

"Usatalikitse nkhani. Ndati ukakambe ndiwe. Sindidzakufunsa."

Dalaivala anafinya kapusi yake, madzi n'kudontha pansi. "Inu amayi, osafunsa?"

"Ndati sindidzafunsa iwe," anatero mayi Tsitsani akuimirira kukaona shuga wawo. "Ndikafunsa Levulo."